Umboni Wokhala ndi Miyendo

Ku Ufumu wa Tamezani anthu sadwala. Si ine ndikunena, zili m'malamulo. Anthu amene mungawaone atagona pakhonde la chipatala cha Pirirani, boma limati akungopumula.

Wolamula dzikoli ndi Mfumu Sindidwala Wachinayi, munthu wamtali, wathupi lake, wokonda kuseka nthabwala zake zomwe. Bambo ake, Sindidwala Wachitatu, anamwalira ndi matenda a shuga, mwendo umodzi utatsogola kale kumanda. Nkhani imeneyi sinenedwa mokweza ku Tamezani, koma mwana wawoyo sanaiwale. Chikhalireni pampando, chimene ankachiopa kuposa adani ndi chilala chinali matenda okhalitsa m'thupi aja, monga shuga, bipi, mtima ndi khansa.

Nyumba yachifumu ili pamwamba pa phiri la Kwerani, ndipo m'tsinde mwa phirilo muli msika waukulu wa Tsitsaniko. Kuchoka pamsika kukafika pachipata cha Mfumu pali masitepe 300, iliyonse yolembedwa nambala ndi penti kuti wokwera azidziwa kuchuluka kwa mavuto amene atsala. Mwambo wa dzikoli umati aliyense wofuna kunena kanthu pamaso pa Mfumu, kaya dandaulo kaya umboni, akwere masitepe onsewo ndi mapazi ake, osaberekedwa, osanyamulidwa, osakankhidwa. M'buku la malamulo analemba mwachidule kuti umboni ukhale ndi miyendo. Anayambitsa zimenezi ndi Sindidwala Woyamba, amene anazindikira kuti munthu akakwera masitepe 300 amafika pamwamba mpweya wodandaulira utamuthera. Mfumu ndi nduna zake amadzera msewu wa phula wa kuseri kwa phiri, umene pa mapu palibe.

Zonse zinayamba pamene mlamu wake wa Mfumu, a Gwadani Chitedze, anabwera kuchokera kunja ndi makina opangira makapisozi. Sabata isanathe anali Nduna ya Zomezameza, unduna umene unakhazikitsidwa Lachiwiri iwo n'kulumbira Lachitatu. Kapisozi wawo anamutcha Tchingamatenda. M'kati mwake munali ufa wa masamba a chammwamba, malambe pang'ono, kafungo ka mafuta a nsomba, ndi mavitamini kuyambira A mpaka zilembo zimene ana asukulu sanaziphunzire.

Nduna zonse zitasonkhana, a Gwadani anaimirira botolo lili m'manja.

"Mfumu yanga, inu amene chimfine chimakulambalalani, asayansi athu amaliza kafukufuku. Tinatenga mbewa khumi n'kuzipatsa Tchingamatenda. Palibe mbewa ndi imodzi yomwe imene inafa ndi shuga, bipi kapena khansa."

Nduna zinaomba m'manja mpaka zikhatho kutentha. Koma Nduna ya Zamaphunziro, imene inali isanazolowere ntchito, inafunsa kuti mbewazo zili kuti tsopano. Atafufuza, zinapezeka kuti alonda a ku labotale anaziwamba tsiku lachitatu n'kuzidya ndi mchere ndi tsabola. A Gwadani sanagwedezeke.

"Mwadzimvera nokha, Mfumu yanga. Zinafa ndi alonda, osati ndi shuga."

Uwu unalembedwa kuti ndi umboni woyamba. Wachiwiri unali chithunzi cha pabotolo, cha bambo wina wovala khoti loyera akumwetulira. Nduna ya Chilungamo inagamula kuti munthu sangamwetulire chotero akunama. Basi, lamulo linatuluka loti aliyense azimeza makapisozi awiri m'mawa uliwonse, ndipo chaka ndi chaka pazikhala Tsiku la Umboni, pamene omeza azikwera phiri kukauza Mfumu mmene akumvera m'thupi.

Pa Tsiku la Umboni loyamba anakwera anthu 512. Anali osewera mpira, akabaza, asilikali, ndi amayi ogulitsa nkhuni amene kukwera phiri ndi ntchito yawo ya tsiku ndi tsiku. Pachipata anawayeza onse, ndipo wa shuga panalibe, wa bipi panalibe. Chaka chachiwiri zinali chimodzimodzi. A Gwadani anagwetsa misozi pa wailesi polengeza kuti mwa omeza zana alionse, zana lonselo ndi athanzi. Amene sanakwere, undunawo unati ndiye kuti analibe chonena.

Apa m'pamene nzeru zinasefukira. Ngati matenda atha, mankhwala ndi achiyaninso? Lamulo lachiwiri linati mapiritsi a shuga, a bipi ndi a mtima achotsedwe m'zipatala zonse popeza akuchititsa dziko manyazi pamaso pa alendo. Anawatsekera m'nyumba yosungiramo katundu kuseri kwa phiri, kiyi n'kupachikidwa palamba wa a Gwadani. M'mashelefu a chipatala cha Pirirani munatsala mabotolo a Tchingamatenda okhaokha.

Pamsika wa Tsitsaniko nkhaniyi anailandira monga amalandirira nkhani zonse za kumtunda, makutu ali tcheru, manja ali pantchito.

"Chammwamba chimene tinkatendera chija," anatero a Nagama ogulitsa masamba, akuwaza madzi pa bonongwe wawo, "lero chavala jekete ya pulasitiki, chikutiyankhula Chingerezi. Mtengo wanga wa kuseri kwa bafa a unduna anaupulula wonse. Ndikafuna ndiwo ndizitsegula botolo kodi?"

"Inu musadandaule, mayi," anayankha telala wa pakhonde loyandikana nawo, a Layisoni Thunga. "Ine shuga wanga wathetsedwa ndi boma. Chatsala n'choti wina akamuuze mwiniwake shugayo, chifukwa zikuoneka kuti wailesi samvera."

A Layisoni anali atakhala ndi shuga zaka khumi ndi ziwiri. Piritsi m'mawa, piritsi madzulo, tiyi wopanda kanthu, moyo n'kumayenda. Ankasoka ndi makina opalasa ndi phazi, ndipo phazi lawo lamanja ndi limene linalera ana anayi. Patapita miyezi itatu chichotsereni mankhwala, tsiku lina anaponda phini osamva chilichonse, n'kudzazindikira poweruka ataona magazi m'patapata. Chilondacho chinakana kupola. Chala chachikulu chinatupa, kenako chinayamba kuda.

Mlongo wawo wamng'ono, Edesi, anali namwino wamkulu pachipatala cha Pirirani. Masana aliwonse ankabwera pakhondepo kudzatsuka chilondacho, ndipo ankadziwa bwino kumene nkhaniyi ikulowera. Shuga akapanda kutsika, m'masabata ochepa madokotala adula phazi, mwinanso mpaka m'bondo.

"Achimwene, chafika pa chala chachiwiri," anatero tsiku lina akumanga bandeji.

"Usamachiwerengere, ungachipatse mtima wampikisano."

"Ine sindikuseka. Mankhwala akapanda kubwera mwezi uno, mwendowu tiutaya."

A Layisoni anatembenukira ku makina awo. Edesi anamaliza kumanga, n'kukaima kuseri kwa mulu wa kabichi wa a Nagama, kumene analira misozi yeniyeni. Ankawakonda achimwene akewo, ndipo zinkamuwawa kwambiri kuti mapiritsi owapulumutsa ali m'dziko momwemo, kuseri kwa phiri lomwe akuliona.

Komabe Edesi anali ndi chida chimodzi. Zaka ziwiri m'mbuyomo, unduna unamutuma kuti achite kafukufuku wotsimikiza kuti Tchingamatenda amagwira ntchito. Yankho anamupatsiratu, kwake kunali kungopeza funso. Tsoka ilo, mayiyu anabadwa ndi vuto lochita zinthu moyenera. Anatenga anthu 600 a pamsika n'kuwagawa pawiri mwa maere, aliyense kutola kapepala m'chipewa. Gulu lina linkalandira kapisozi weniweni, linalo kapisozi wofanana naye ndendende koma m'kati muli mgaiwa. Panalibe wodziwa chimene akumeza, ngakhale Edesi yemwe, poti mndandanda wa magulu anaumatira mu envulopu mnzake wa ku labotale. Zaka ziwiri zitakwana anaitsegula. Mwa omeza Tchingamatenda, 21 anali atapezeka ndi shuga, ndipo mwa omeza mgaiwa anali 20. Bipi nayo sinasankhe mbali. Magulu onse awiri ankati akumva mphamvu m'thupi, koma oyamikira kwambiri anali a mgaiwa.

Lolemba m'mawa Edesi anavala yunifolomu yake yoyera, mapepala kukhwapa, n'kukwera masitepe onse 300. Pachipata anakhala kaye pansi mpaka mpweya unabwerera, chinthu chimene Sindidwala Woyamba sanachiganizire. Atalowa anagwada n'kuwerenga zimene anapeza. M'bwalomo munangoti zii, kupatula mabotolo amene ankalira m'matumba a nduna.

"Ndiye mukuti mavitamini ndi oipa, mayi?" inafunsa Mfumu.

"Ayi, Mfumu. Mayi woyembekezera timamupatsa ayironi wowonjezera magazi, ndipo asayansi anayeza anthu ambirimbiri, zimathandiza. Munthu amene thupi lake likusowa vitamini, mukamupatsa amapeza bwino. Koma munthu amene sakusowa kanthu mukamuwonjezera kapisozi, shuga ndi bipi sizimuopa ayi. Zambiri zimangotuluka ndi mkodzo. Dziko lonse likukodza chikasu chowala, Mfumu, koma odwala sanachepe."

Nduna zingapo zinayang'ana pansi. Za mkodzozo zinali zitaziona kale, koma zinkayesa ndi chizindikiro cha chitukuko.

"Nanga anthu 512 aja? Ndinawaona ndi maso anga, athanzi onse."

"Aja ndi amene anatha kukwera, Mfumu. Sanakwere chifukwa anameza, anakwera chifukwa anali bwino kale. Odwala nawonso anameza, koma ali pansi paja, phiri likuwakanika. Masitepe anuwa ndi sefa. Mukuyang'ana ufa wokhawokha, misere yatsala kumsika."

Mfumu inagwira chibwano. Zinkaoneka kuti mfundoyo yatsala pang'ono kulowa, ndipo a Gwadani ataona ngoziyo anadzuka msangamsanga.

"Mfumu yanga, choyamba mayiyu wavomera yekha kuti wakhala akumezetsa anthu anu mgaiwa. Tiisiye kaye imeneyo. Chachiwiri ndifunse, anthu 600 akuwanenawo ali kuti? Ine ndikuona pepala. Kodi pepalali lakwera lokha? Lanyamulidwa kukhwapa, tonse taona. Umboni wonyamulidwa si umboni."

Nduna ya Chilungamo inatsegula buku, inasanthula, n'kutsimikiza kuti pepala lilibe miyendo. Nkhani inathera pomwepo.

Edesi anapsa mtima moti akanatha kuponya mapepalawo kumaso kwa munthu. Koma anakumbukira phazi lija. Anagwadanso, ndipo mawu ake anatuluka ozuna ngati uchi.

"Ndalakwa, Mfumu, ndaphunzirapo. Koma pali kanthu kamodzi kakundidandaulitsa. Loweruka likubwerali ndi Tsiku la Umboni, ndipo akazembe a mayiko akunja adzakhalapo. M'dziko muno muli munthu mmodzi amene amameza makapisozi asanu ndi mmodzi pa tsiku, kuposa wina aliyense, koma sanaperekepo umboni. Alendo adzafunsa kuti mboni yaikulu ili kuti."

"Ndani ameneyo?"

"Inuyo, Mfumu. Mutakwera kuchokera pamsika dziko lonse likuona, angatsutsenso ndani?"

Nkhope ya Mfumu inawala. Inatembenukira kwa nduna yake yokondedwa. "Alamu, mukuti bwanji? Ndingalephere ine?"

A Gwadani anali atakodwa mumsampha. Kukana kunali kunyoza Mfumu, komanso kunyoza kapisozi wawo yemwe.

"Mungakwere kawiri, Mfumu yanga," anatero ndi mawu a munthu amene wameza kapisozi popanda madzi.

Cholinga cha Edesi chinali chaching'ono. Ankafuna kuti Mfumu ikatsikira pamsika, ione yokha anthu amene phiri limawasiya pansi. Anauza odwala onse amene akanatha kukwawa kuti akakhale m'tsinde mwa masitepe. Achimwene ake okha anawalamula kuti asayerekeze kuchoka pakhonde, phazi likhale pampando. A Layisoni anavomera mwaulemu, monga amavomerera makasitomala kuti malaya atha mawa.

Loweruka kutangocha, telalayo anatenga ndodo n'kuyamba kukwera yekha. Sitepe imodzi, kupuma, ina, kupuma. Osewera mpira ndi akabaza ankamudutsa akuimba. Dzuwa litakwera anali pa sitepe ya nambala 43, ndipo phazi linati basi. Anakhala m'mphepete, thukuta lili kamukamu.

Cha m'ma teni koloko galimoto ya Mfumu inatulukira pamsika, koyamba chilowereni ufumu. Bandi ya apolisi inali patsogolo, akazembe pamthunzi. Mfumu inatsika itavala zothamangira zonyezimira, n'kumeza makapisozi khumi ndi awiri pamaso pa anthu kuti pasakhale wokayika. Odwala a Edesi analipo ndithu, mzere wautali, koma a unduna anali atawatchingira ndi chinsalu chachitali cholembedwa kuti TAMEZANI WATHANZI. Chimene chinkaoneka chinali mapazi okha kunsi kwa nsalu, ndipo Mfumu siyang'ana pansi. Nzeru ya Edesi inafera pomwepo.

"Ofewa awaika pansi, abwino pamwamba," anatero a Nagama. "Nzeru imeneyi aba kwa anzathu a tomato."

Masitepe khumi oyamba Mfumu inakwera chothamanga, ikubayibitsa. Pa nambala 20 inasiya kubayibitsa. Pa 30 bandi inachepetsa liwiro la nyimbo kuti igwirizane ndi miyendo yachifumu, moti nyimbo ya fuko inayamba kumveka ngati ya pamaliro. Pa 38 nduna zinayamba kuyamikira kukongola kwa mitambo. Pa 43 Mfumu inadzigwetsa pansi ili wefuwefu, pafupi ndi bambo wina wa ndodo.

Bandi inaleka. Akazembe anayang'anana. Msika wonse unali maso kumwamba, kukamwa yasa.

"Takulandirani, Mfumu," anatero a Layisoni akusendera. "Pano pali kamphepo ndithu. Ine ndafika kalekale."

A Gwadani, amene moyo wawo wonse akhala akuzimitsa moto ndi pakamwa, analanda chimkuzamawu.

"Anthu a ku Tamezani, Mfumu yafika! Kodi pamwamba pa dziko ndi pati, ngati si pamene Mfumu yakhala? Kuyambira lero, nsonga ya phiri la Kwerani ndi pamene pakhala Mfumu!"

Nduna ya Chilungamo inalemba m'buku ili chiimire n'kudinda. Bandi inayambiranso, nthungululu zinamveka, ndipo kazembe wina analemba m'kabuku kake kuti dzikoli lili ndi phiri lomvera.

Nthawi imeneyo Edesi anali akukwera mothamanga ndi chikwama chake chantchito, poti anali atawaona achimwene ake ali pamwamba apo. Mawu owakalipira anali atawakonza kale. Koma atamva chilengezocho anaima, n'kutembenukira kwa mwini buku.

"Pepani, Olemekezeka a Chilungamo, mwalemba?"

"Ndalemba, ndadinda."

"Ndiye kuti pano ndi pamwamba?"

"Lamulo latero, mayi."

"Zikomo. Bambo awa afika pano ndi mapazi awo, osaberekedwa, osanyamulidwa, osakankhidwa. Ndi mboni."

Ndunayo inayang'ana buku, inayang'ana a Gwadani, inayang'ananso buku. Inki inali isanaume, koma panalibe pothawira.

"Mfumu, ine ndine Layisoni, telala wa pamsika apa," anayamba bamboyo. "Tchingamatenda ndameza zaka ziwiri osaphonya tsiku, poti ndine munthu womvera. Zoyankhula ndilibe zambiri. Ndati ndibwere nawo mwendowu muuone udakali wanga."

Anamasula bandeji pang'onopang'ono. Fungo ndi limene linayamba kufika, ndipo nduna zinatsika masitepe awiri mwaulemu. Mfumu sinasunthe. Inayang'ana zala zakudazo nthawi yaitali, ndipo kumwetulira kwake kwa pa kalendala kunachoka.

"Bambo anga linayamba chonchi," inatero motsitsa mawu. "Chala chomwechi."

"Ndiye mukudziwa kumene likupita, Mfumu."

"Mankhwala munkamwa?"

"Zaka khumi ndi ziwiri, phazi lili bwinobwino. Izi mukuzionazi ndi za miyezi yochepa chabe ya thanzi la boma."

Edesi anagwada n'kutulutsa makina oyezera bipi. "Mfumu, mundilole mkono." Panali patatha zaka zisanu ndi zinayi Mfumu isanayezedwe, chifukwa dokotala womaliza kuiuza manambala ake anatumizidwa kukayang'anira dibi la ng'ombe kumalire. Edesi anapopa, anawerenga, anapopanso kachiwiri.

"Ndakhoza?" inafunsa Mfumu.

"198 pa 116, Mfumu. Chaka chino sindinaone wokuposani."

"Ndi zabwino zimenezo?"

"Ayi. Munthu wa manambala amenewa timamugoneka, sitimukweza phiri. Mukufunika mapiritsi lero lomwe."

"Ndipatseni, nanga mukudikira chiyani?"

"Kuchipatala kuli Tchingamatenda yekha, Mfumu."

A Layisoni anapisa m'thumba la malaya n'kutulutsa kabotolo. "Ndingakugawireniko awiri anga a mawa, Mfumu. Akuti amathandiza."

Chimkuzamawu chija a Gwadani anali ataiwala kuchizimitsa, choncho mawuwo anakafika mpaka kwa ogulitsa makala. Kuseka kunayambira kwa a Nagama, kunadutsa pa tomato, kunakalowa kuseri kwa chinsalu kumene odwala anaseka mpaka kutsokomola. Mfumu sinaseke. Inatambasula dzanja.

"Alamu, kiyi."

"Mfumu yanga, kafukufuku wa mbewa anasonyeza kuti..."

"Kiyi."

Dzuwa lisanalowe, malole anali akutsitsa makatoni a mapiritsi pachipatala cha Pirirani. Musaganize kuti boma linavomera kulakwa. Ku Tamezani boma sililakwa, limangowonjezera nzeru. Wailesi inalengeza kuti Tchingamatenda wachitanso zodabwitsa pothandiza kutulukira bipi ya Mfumu, ndipo mapiritsi a shuga, a bipi ndi a mtima abwerera m'zipatala pa dzina latsopano loti zowonjezera pa kapisozi. A Gwadani anavekedwa mendulo n'kupatsidwa unduna watsopano woona za penti ya manambala a masitepe. Lamulo lomeza m'mawa uliwonse silinafafanizidwe, linangofa lokha ndi kusowa womeza. Mvula itagwa, chammwamba cha a Nagama chinaphukanso, ndipo ulendo uno chinapita mumphika.

Pepala la Edesi mpaka lero silinawerengedwe, akuti likudikira miyendo. Ichi chimamuwawabe, ndipo ine sindimudzudzula. Anthu 600, zaka ziwiri, envulopu yomata bwinobwino, zonsezo zinalephera chimene phazi limodzi lonunkha linachita m'mphindi zisanu.

A Layisoni zala ziwiri zinapita, koma mwendo unatsala. Patatha miyezi iwiri anabwerera pakhonde pawo, ndipo makasitomala anayambiranso kuuzidwa kuti malaya atha mawa.

Lamulo la nsonga ya phiri lija panalibe wolimba mtima kulichotsa. Tsono Edesi, amene anasanduka namwino wa Mfumu, anailamula kuti izimwa mapiritsi, ichepetse mchere, izidya masamba, ndipo iziyenda m'mawa uliwonse. Choncho tsiku ndi tsiku galimoto imaitsitsira pamsika, iyo n'kukwera mpaka pamene mpweya wathera, n'kukhala pansi. Pamenepo ndiye pamwamba pa tsikulo, ndipo aliyense wofika pamenepo ndi mboni. Mwezi woyamba Mfumu inamva zinthu zimene makolo ake atatu sanazimvepo. Nkhalamba zinafika, amayi apakati anafika, a ndodo anafika, ndipo mjigo wa ku Tsitsaniko umene unafa zaka zisanu ndi ziwiri zapitazo unakonzedwa sabata yomweyo. Koma mapiritsi ndi masamba zinayamba kugwira ntchito, ndipo nsonga ya phiri inayamba kukwera.

Masana ena Edesi anafika pakhonde kudzaona chipsera cha achimwene ake, nkhope ili mwee.

"Achimwene, lero Mfumu yafika pa 96, osapumira panjira. Bipi yatsika bwino kwambiri."

A Layisoni anaimitsa makina. Anasuzumira kunja, n'kuyang'ana masitepe aja kuyambira pansi mpaka kuchipata.

"Iwe Edesi, wodwala wakoyo usamuchiritse mothamanga. Akakafika pa 300 paja, tonse tidzakhalanso athanzi."

Atatero anabwezera phazi la zala zitatu pa chopondera, makina n'kuyambanso kulira.